Kaudzu ka masamba atatu kamene kamadyetsa nthaka

Mukaona kaudzu ka masamba atatuatatu kakuyanga pakati pa kapinga, kali ndi maluwa oyera ounjikana ngati timipira, musathamangire khasu. Dzina lake ndi white clover, akatswiri a zomera amati Trifolium repens. Kwawo ndi ku Ulaya ndi chigawo chapakati cha Asia. Anthu ndiwo anakafalitsa m'maiko ambiri ngati chakudya cha ziweto, kenaka kanayamba kudzimerera kokha kumalo ozizira ndi achinyezi. Nyengo ngati yathu ino ya ku Mzuzu, ya chifunga ndi mvula ya mawawa, ndiyo kamakonda.

Zulani kamodzi mosamala, mutsuke mizu. Muona timatuza tating'onoting'ono, tofanana ndi tomwe timakhala kumizu ya mtedza, nyemba ndi soya, pakuti onsewa ndi a banja limodzi. M'timatuzamo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Rhizobium. Mpweya umene timapuma, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni, koma mbewu sizingamugwiritse ntchito ali choncho. Tizilomboti timamusandutsa chakudya cha mbewu, chomera n'kumatipatsa shuga. Phwanyani kathuza kamodzi ndi chikhadabo: mkati mukakhala mofiirira, ntchito ili mkati. Masamba ndi mizu zikawola, chakudyacho chimatsalira m'nthaka, udzu woyandikana nawo n'kupindula. Ndi mchere womwewo umene timautsata m'thumba la urea, ndipo mtengo wa thumbalo mukuudziwa nokha.

Njuchi zimakonda maluwa ake, choncho alimi a uchi ali ndi chifukwa chokasiyira. Timitsitsi take toyanga timagwiranso dothi pamalo otsetsereka.

Ambiri amakasokoneza ndi Oxalis, kaudzu kena ka masamba atatu kowawasa kaja ana amatafuna. Ka Oxalis kalibe timatuza, ndipo mitundu yake ina imavuta m'dimba chifukwa cha timaanyezi take ta pansi.

Kwa oweta ng'ombe zamkaka, chenjezo langa ndi ili: ng'ombe ikadya clover wambiri wanthete, makamaka ili ndi njala, imatupa mimba ndi mpweya ndipo ikhoza kufa. Yambani mwaipatsa udzu wouma.

Komanso mlendo ndi mlendo. Pabwalo ndi m'khola la msipu kakhale, koma mbewu yake musakaimwaze kumalo otetezedwa monga ku Nyika, kumene maluwa achilengedwe ali ndi malo awo kale.