Kodi imfa ikayandikira, aliyense amaitana Mulungu?

Timamva kawirikawiri kuti zinthu zikafika pothina, ngakhale wosakhulupirira Mulungu amagwada. Ena amaterodi, koma si onse.

Mu 1776, wolemba mabuku James Boswell anapita ku Edinburgh, ku Scotland, kukazonda David Hume, katswiri wa nzeru zakuya wokayikira za Mulungu amene anali pafupi kumwalira, pofuna kuona ngati matenda amufewetsa mtima. Anamupeza atawonda zedi, koma akucheza mwansangala, akunenabe kuti kuseri kwa manda kulibe moyo wina. Amene anavutika mumtima ndi Boswell, mlendoyo.

Nanga zoti Charles Darwin, wasayansi wodziwika ndi chiphunzitso choti zamoyo zinachita kusanduka, analapa asanamwalire mu 1882? Nkhaniyi inatuluka mu 1915 kuchokera kwa mlaliki wina wamkazi, Lady Hope, ndipo ana a Darwin anaitsutsa poyera. Komabe alaliki ena akuibwerezabe paguwa.

Kufuula kuti "Ambuye!" minibasi ikaphulika tayala si umboninso. Nthawi zambiri chimangokhala chizolowezi cha pakamwa.