Thumba la mabowo aang'ono kwambiri si ndilo labwino mu centrifuge

Ambiri ogwiritsa ntchito centrifuge, makina ozungulira mwaliwiro olekanitsa madzi ndi timibulu, akhala akukhulupirira kuti thumba losefera la mabowo aang'onoang'ono zedi ndilo labwino, poti palibe kambulu kolimba (crystal) kangadutse. Si choncho ayi.

Thumba limasefa lokha poyambirira penipeni basi. Timibulu tikayamba kuunjikana pakhoma la thumbalo, timatsamirana n'kuphimba bowo ngakhale bowolo likhale lokulirapo kuposa kambulu kamodzi, ndipo kuyambira pamenepo muluwo ndiwo umasefa. Mukasankha nsalu yothina mopitirira, tifumbi timalowa m'mabowo n'kuwatseka, madzi amachedwa kutuluka, ndipo zomwe mumakolola zimakhala zonyowa, zodzaza ndi madzi omwewo amene mumafuna kuchotsa. Kutsuka nakonso kumavuta, ndipo apa m'pamene pamandidetsa nkhawa, chifukwa zonyansa zimatsalira m'katundu.

Yezani kaye kukula kwa timibulu tanu, kenako yesani matumba awiri kapena atatu. Madzi oyamba akatuluka ovunduka, abwezereni m'makinamo mpaka ayere.

Samalaninso ndi manambala. Nambala ya mesh (kuchuluka kwa mabowo pa inchi imodzi ya nsalu) ikamakwera, mabowo amachepa: mesh 100 ndi ma micron pafupifupi 150 (ma micron 1,000 amapanga milimita imodzi), pomwe mesh 200 ndi pafupifupi 75.