Declan Costello: Phungu wa Amphawi Amene Adakhala Jaji Wouma Dzanja

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mabanja a anthu otchedwa Travellers, mtundu wa ku Ireland womwe kuyambira kale umakhala moyendayenda m'makalavani, adasumira khonsolo ya mzinda wa Limerick pamodzi ndi boma ku bwalo la High Court. Ankakhala m'mbali mwa misewu, popanda mpopi wa madzi, popanda zimbudzi. Ankafuna malo okonzedwa bwino oimikapo makalavani awo komanso chipukutamisozi. Mlandu udagwera m'manja mwa Declan Costello, ndipo aliyense wodziwa mbiri yawo akadaganiza kuti amphawiwa apeza wowamvera chisoni. Jajiyo adavomereza kuti anthuwo akuzunzikadi, koma chipukutamisozi adakana. Adati chilungamo chili pawiri: china n'chobwezera munthu chimene mnzake wamulakwira, ndipo imeneyo ndi ntchito ya khothi, china n'chogawa chuma cha dziko pakati pa nzika, ndipo imeneyo ndi ntchito ya aphungu. Dandaulo lotere, iwo adatero, n'lokatula ku Leinster House, kumene kumakumana nyumba ya malamulo, osati ku Four Courts, kumene kumakhala majaji.

Chodabwitsa n'choti amene ankanena zimenezi adathera unyamata wawo wonse ku Leinster House komweko akumenyera nkhondo anthu osauka.

A Costello adabadwa pa 1 Ogasiti 1926 mumzinda wa Dublin. Bambo awo, John A. Costello, adali loya wotchuka ndipo adakhala nduna yaikulu ya dzikolo kawiri, 1948 mpaka 1951 ndiponso 1954 mpaka 1957. Mwanayo adaphunzira ku University College Dublin ndi ku King's Inns, ali pasukulu adadwala TB n'kukagonekedwa ku Switzerland, ndipo adayamba uloya mu 1948. Ku Ireland maloya ali mitundu iwiri. Solicitor ndiye amakumana ndi mwini mlandu, kusonkhanitsa zikalata ndi mboni. Barrister ndiye amaimirira pamaso pa jaji m'makhothi akuluakulu, ndipo ntchito amapatsidwa ndi solicitor. King's Inns ndi sukulu yophunzitsa a mtundu wachiwiriwu. Komweko n'kumene kudachokeranso James Skinner, amene adakhala mkulu wa majaji ku Zambia mu 1969 kenako ku Malawi kuyambira 1970 mpaka 1985.

Mu 1951 a Costello adasankhidwa kukhala phungu wa chipani cha Fine Gael kudera la Dublin North-West, komwe mabanja ambiri ankakhala mothithikana m'nyumba zosalongosoka. Chipanicho chinkadziwika kuti n'cha alimi opeza bwino, amalonda ndi anthu ophunzira, ndipo sichinkafuna kuti boma lizilowerera pa zachuma. Mu 1964 phungu wachinyamatayu adachiikira pamaso mfundo zisanu ndi zitatu: boma lizikonza dongosolo la chuma, liziwongolera mitengo ya zinthu ndi ngongole za mabanki, lizitolera misonkho yambiri pa zimene munthu amapeza m'malo moiunjika pa katundu wogula aliyense, ndipo ndalamazo zizipita ku nyumba, sukulu ndi zipatala. Akuluakulu adalandira mfundozo monyinyirika n'kuzisandutsa manifesito a chisankho cha 1965, odziwika ndi dzina loti Just Society, kutanthauza dziko lachilungamo. Chisankho adagonja, mtsogoleri James Dillon adatula pansi udindo, ndipo mu 1969 a Costello adasiya uphungu atagwa ulesi.

Adabwereranso mu 1973, ndipo boma la Liam Cosgrave lidawapatsa udindo wa mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo. Zaka zinayi zimenezi ndizo zidasiya zinthu zogwirika. Kufikira nthawiyo, mlangizi wa boma yemweyo ndiye ankagamulanso za amene aimbidwe mlandu ndi amene asiyidwe. Vuto lake n'lodziwikiratu: munthu wosankhidwa ndi nduna yaikulu, wokhala nawo pamisonkhano ya nduna, angazenge bwanji mlandu mnzake wa m'chipani popanda anthu kukayika? Lamulo la 1974 lidachotsa mphamvuyo n'kuipereka ku ofesi yatsopano yoima payokha ya mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma, ndipo woyamba kukhalapo adali Eamonn Barnes mu 1975. Chaka chomwecho kudakhazikitsidwa bungwe lounika malamulo akale, la Law Reform Commission. A Costello adatsogoleranso maloya a Ireland ku khothi la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu, mumzinda wa Strasbourg, pamlandu wosumira Britain chifukwa cha njira zisanu zimene zidagwiritsidwa ntchito pofunsa anthu omangidwa ku Northern Ireland mu 1971: kuimiritsa munthu atatsamira khoma ndi zala kwa maola ambiri, kumuveka thumba kumutu, kumusokosera ndi phokoso losalekeza, kumumana tulo, kumumana chakudya ndi madzi. Mu Januwale 1978 khothi lidagamula kuti zimenezi zidali nkhanza zonyazitsa munthu, ngakhale lidakana kuziika pamlingo wa chizunzo chenicheni.

Pamene chigamulocho chinkatuluka n'kuti iwo ali kale jaji, kuyambira 1977. Jaji wa High Court amaikidwa ndi pulezidenti wa dziko, koma dzina limachokera ku boma, ndipo masiku ano munthu amayenera kukhala atagwira uloya zaka 12. Akangokhala pampando, kumuchotsa kumafuna kuti zipinda zonse ziwiri za nyumba ya malamulo zivomereze kuti walakwa kapena sangathenso ntchito, ndipo palibe jaji amene adachotsedwapo mwa njira imeneyi.

Ntchito yawo imene anthu sakangana nayo ndi kafukufuku wa ngozi ya ku Whiddy Island. Usiku wa pa 8 Januwale 1979 sitima ya mafuta ya ku France yotchedwa Betelgeuse idaphulika ikutsitsa mafuta osayenga padoko la kampani ya Gulf Oil ku Bantry Bay, ndipo anthu 50 adafa, 42 mwa iwo Afalansa. Lipoti la a Costello la 1980 lidalondola ngoziyo kuchokera pachiyambi. Zitsulo za sitimayo zidali zitadyeka ndi dzimbiri, eni ake a Total osazikonza. Potsitsa mafuta pamafunika kuthira madzi m'mathanki ena kuti kulemera kukhale kofanana. Apa adalakwitsa ndondomeko, pakati padalemera kuposa kumapeto, sitima n'kuthyoka msana. Mpweya wa mafuta udakumana ndi moto. Zozimitsira moto padoko zidali zosasamalidwa, dokolo lidali pakati pa madzi popanda mlatho wothawira, ndipo woyang'anira chipinda cholondera sadali pamalo pake moto ukuyamba. Lipotilo lidanena mosabisa kuti ena ogwira ntchito ku Gulf adapereka umboni wabodza pofuna kubisa zimenezi.

Milandu yokhudza banja ndi chipembedzo ndiyo idawadetsera dzina kwa ambiri. Mu 1985 adagamula kuti sukulu ya masisitere ya ku New Ross sidalakwe pochotsa ntchito mphunzitsi Eileen Flynn, amene ankakhala ndi mwamuna wopatukana ndi mkazi wake ndipo adabereka naye mwana. Nthawiyo malamulo a Ireland sankalola kusudzulana, choncho awiriwo analibe njira yokwatirana.

Waukulu udabwera mu Febuluwale 1992. Mtsikana wa zaka 14, amene m'khothi ankangotchedwa X, adatenga mimba atagwiriridwa ndi bambo wodziwana ndi banja lawo. Makolo adaganiza zopita naye ku England kukachotsa mimbayo, ndipo adafunsa apolisi ngati DNA yochokera kumeneko ingathandize pamlandu wa wogwirirayo. Funsolo lidakwera mpaka kwa mlangizi wa boma Harry Whelehan, amene adathamangira kukhothi kukatenga chiletso. Banjalo, lomwe lidali litafika kale ku England, litamva lidabwerera kwawo. Ndime 40.3.3 ya malamulo oyendetsera dziko, yomwe idalowa kudzera pa riferendamu ya 1983, inkati moyo wa mwana wosabadwa ndi wa mayi n'zofanana. Panali umboni woti mtsikanayo akuganiza zodzipha. Pa 17 Febuluwale a Costello adayeza ziwirizi motere: chiletso chikapanda kuperekedwa, imfa ya wosabadwayo njosakayikitsa, chikaperekedwa, kudzipha kwa mtsikanayo n'kongotheka chabe, ndipo makolo ndi madokotala angamuteteze. Adamuletsa kutuluka m'dziko kwa miyezi isanu ndi inayi.

Kuwerengera kwake kudali kolongosoka papepala, koma kudasandutsa dziko lonse ndende ya mwana wogwiriridwa, ndipo anthu masauzande adakhamukira m'misewu ya Dublin. Pa 26 Febuluwale bwalo la Supreme Court lidachotsa chiletsocho, majaji anayi kutsutsana ndi mmodzi. Lidati kuchotsa mimba n'kololedwa ngati pali chiopsezo chenicheni ndi chachikulu pa moyo wa mayi, osati pa thanzi lokha, ndipo kudzipha kuli m'gulu la ziopsezozo. Mu Novembala chaka chomwecho anthu adavota kuti boma lisaletsenso munthu kupita kunja pa chifukwa chimenechi. Lamulo lofotokoza chigamulo cha X lidadikira mpaka 2013, ndipo ndime ya 1983 ija idafafanizidwa pa riferendamu ya 2018.

Pankhani ya Travellers ija, a Costello adafewako. Mu 1994, pamlandu wina wa ku Wicklow, adalamula khonsolo kuti ikonzere mabanja malo okhala. Koma chigamulo choyamba chija ndicho chidamera mizu. Mu 2001, pamilandu ya Sinnott ndi T.D., yokhudza maphunziro a munthu wolumala ndi malo osungira ana ovutika, Supreme Court idatsamira pa mfundo ya ku Limerick pokana kulamula boma momwe ligwiritsire ntchito ndalama.

Adakhala mkulu wa High Court kuyambira 1995 mpaka 1998, kenako adaitanidwanso kukafufuza nawo maakaunti achinsinsi a banki ya Ansbacher, momwe anthu olemera ankabisa ndalama pozemba misonkho. Adamwalira pa 6 Juni 2011. Mwana wawo Caroline Costello adakhalanso jaji wa High Court mu 2014, ndipo mu 2024 adaikidwa kukhala mkulu wa bwalo la apilo.