Kudzaza Thanki Sikupulumutsa Mafuta Mumlengalenga

Anthu ambiri amaganiza kuti ndege yankhondo yomwetsa inzake mafuta mumlengalenga izinyamuka thanki ili yodzaza nthawi zonse, ati kuti isamapange maulendo ambiri. Zikumveka zanzeru, koma sizili choncho.

Mafuta amalemera. Ndege ikalemera, mapiko amafunika mphamvu yochuluka kuti aikweze, mpweya umaikaniza kwambiri, ndipo injini zimamwa mowirikiza. Ndiye gawo lina la mafutawo limapsa pongonyamula mafuta anzake. Choipa kwambiri n'chakuti ndege ikabwerera ndi mafuta omwe palibe wawamwa, nthawi zina imakhala yolemera kuposa mlingo wololedwa potera, ndipo oyendetsa amayenera kuzungulira kuti awapsereze kapena kuwataya. Zimandipweteka kuona chuma chotere chikuthera m'mitambo.

Kupulumutsa kwenikweni kumachokera pokonza ulendo: kudziwa ndege zingati zidzamwa, malita angati, malo ati ndi nthawi yanji, kuti yomwetsayo isazungulire podikira. Mu 2017 asilikali a America pabwalo la ndege zankhondo la Al Udeid, m'dziko la Qatar, anayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Jigsaw pokonza maulendo a ndege zomwetsa m'malo mwa bolodi lolembapo ndi manja, ndipo ntchito yomweyo inayamba kugwiridwa ndi ndege zochepa.

Injini nazo zili ndi gawo. Ndege yomwetsa yotchedwa KC-135, yomwe inauluka koyamba mu 1956, itaikidwa injini zatsopano zotchedwa CFM56 m'zaka za m'ma 1980, inayamba kumwa mafuta ochepa ndi kupereka ochuluka kwa ndege zinzake.