Eriyo ya setilaiti: funde likuzungulira chakuti?

Mu Julaye 1962, setilaiti ya Telstar itaolotsa koyamba zithunzi za wailesi yakanema kuchokera ku America, siteshoni ya Pleumeur-Bodou ku France inaziona bwinobwino. Ya Goonhilly ku England inangoona zachimbuuzi. Dishi yake inali yaikulu ndithu, pafupifupi mamita 26, koma anali ataitchera kuti ilandire mafunde ozungulira mbali yosiyana ndi imene ankabwerera.

Funde la wailesi limatha kuyenda choimirira, chogona, kapena likupota ngati sipuling'i. Pa setilaiti timakonda lopota. Chifukwa chake n'chakuti mlengalenga muli chigawo chotchedwa ionosphere chimene chimapotoza mafunde, makamaka a mafirikwense otsikirapo, komanso tisetilaiti tina ting'onoting'ono timayenda tikugubuduzika. Eriyo yowongoka ikapingasana ndi funde, siginolo imazimirira. Funde lopota zimenezo lilibe nazo ntchito: eriyo yolilandira itapendekera bwanji, limalowabe, bola mbali yozungulira ifanane.

Njira yosavuta yolipangira anaitulukira John Kraus mu 1946: waya wopindidwa ngati koyilo, kuzungulira kumodzi kukhala kotalika ngati funde limodzi. Funde la GPS (masetilaiti othandiza kudziwa malo amene uli) pa 1575.42 MHz ndi lotalika masentimita 19, ndipo limazungulira chakumanja. Mukachulukitsa mapindidwe a koyilo ija, eriyo imaona patali. Ena amagwiritsa ntchito kachitsulo kaphanthiphanthi ka ngodya zinayi, n'kudulako ngodya ziwiri zoyang'anizana.

Ponena za mphamvu, anthu ambiri amasokonezeka. Eriyo siiwonjezera mphamvu ayi, imangoisonkhanitsa n'kuilozetsa kumodzi monga imachitira tochi. Dishi mukaikulitsa kawiri m'mimba mwake, siginolo imakula kanayi, koma kutambalala kwa malo amene ikuona kumachepa ndi theka. Dishi ya mita imodzi pa 12 GHz imaona kachigawo kosakwana madigiri awiri, pamene setilaiti imene dishi ya wailesi yakanema imaloza ili pamtunda wa makilomita 35,786. Bawuti imodzi ikakhwepa, chithunzi chapita. N'chifukwa chake ine sindithamangira dishi yaikulu ngati yocheperapo ikukwanira.

Msampha umene umakola ngakhale akatswiri ndi uwu: funde lopota likagunda chitsulo n'kubwerera, limatembenuka mbali. Kwa GPS ndi mwayi, poti mafunde onjanja pamakoma amabwera chakumanzere ndipo eriyo imawakana. Koma dishi nayonso ndi chitsulo. Ngati setilaiti ikutumiza chakumanja, kaeriyo kakutsogolo kwa dishi kayenera kukhala kakumanzere, ndipo ine koyilo yake sindiipinda ndisanatsimikize zimenezi kawiri.