Oxybenzone m'mafuta odziteteza ku dzuwa: yang'anani pabotolo, musasiye kudzola

Mwina munamvapo kuti mafuta ena odziteteza ku dzuwa ali ndi mankhwala okayikitsa. Otchulidwa kwambiri ndi oxybenzone, omwe pabotolo amalembedwanso kuti benzophenone-3. Ntchito yake ndi kuyamwa cheza cha dzuwa chotchedwa UV chisanawononge khungu.

Nkhawa za anthu zili ndi pogwira. Mu 2019 ndi 2020, bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, lidapeza kuti mankhwalawa sathera pakhungu, amalowa mpaka m'magazi. Akatswiri ena atawayesa pa nyama, mankhwalawa adaonetsa kuti angasokoneze mahomoni. Pa anthu palibe umboni woti amadwalitsa motero, komabe mu 2022 mayiko a European Union adatsitsa mlingo wake m'mafuta odzola thupi lonse kufika pa 2.2 peresenti. Chodziwika bwino nchakuti kwa ena amayabwitsa ndi kutulutsa nsungu, makamaka akadzola nkupita padzuwa. Ku Hawaii, chigawo cha dziko la America, adaletsa kugulitsa mafuta otere kuyambira 2021, koma kumeneko nkhani inali yoteteza zamoyo za pansi pa nyanja.

Chomwe chimatidetsa nkhawa ife nchina: munthu kumva zimenezi nkutaya botolo. Kwa abale athu achialubino kuno ku Malawi, khansa ya pakhungu yoyamba ndi dzuwa ikupha ndithu, ena akadali achinyamata. Ngati mafuta amene mwalandira kuchipatala ali ndi oxybenzone ndipo palibe ena, dzolani omwewo.

Mukakhala ndi mwayi wosankha, makamaka ngati ndinu mayi woyembekezera, mukugulira mwana, kapena khungu lanu silichedwa kuyabwa, funsani mafuta okhala ndi zinc oxide kapena titanium dioxide m'malo mwa oxybenzone. Amasiya kambuu pang'ono pakhungu, koma zimenezo zisakudandaulitseni. Akhale a SPF (nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yoteteza ku dzuwa) 30 kapena kuposa, kwa achialubino SPF 50. Onaninso tsiku lotha mphamvu.

Dzolani mokwanira, osaiwala makutu, milomo ndi kumbuyo kwa khosi, ndipo bwerezani pakatha maola awiri aliwonse kapena mukatuluka thukuta kumunda. Valani chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali. Mwana wosakwana miyezi 6 mumusunge pamthunzi.

Mafuta akakuyabwani, sambani ndipo tengani botololo mukalionetse kuchipatala kuti akusinthireni. Chilonda chapakhungu chomwe chikukana kupola, kaya ndi chaching'ono, kachionetseni kwa dokotala sabata yomweyo.