Charles Kao: wasayansi amene anapeza kuti vuto si galasi

Uthenga umene mumatumizira munthu wa kutsidya kwa nyanja pa intaneti, mtunda wake wambiri suyenda m'mlengalenga ayi. Umasanduka kuwala kothwanima, n'kudutsa m'timaulusi ta galasi togona pansi pa nthaka ndi pansi pa nyanja. Ambiri amati amene anatulukira timaulusiti ndi a Charles Kao. Sizili choncho kwenikweni, ndipo kwa ife ogwira ntchito ya kuwala, zimene anachitazo n'zoposa pamenepo.

A Kao anabadwira ku Shanghai mu 1933, anasamukira ku Hong Kong ali mnyamata, ndipo anakaphunzira za magetsi ku Woolwich Polytechnic ku London. Digiri ya PhD anaitenga ku University College London mu 1965, uku akugwira ntchito pa malo a kafukufuku a Standard Telecommunication Laboratories ku Harlow, ku England.

Pa nthawiyo ulusi wa galasi unalipo kale. Madokotala ankaugwiritsa ntchito poona m'mimba mwa wodwala. Ulusiwu uli ndi mtima pakati ndi chikuto cha galasi la mtundu wina kunja, ndipo kuwala kukagunda m'malire a awiriwa kumabwerera m'kati, n'kumapitirira chamtsogolo ngakhale ulusi utapindika. Nayo laser, chipangizo chotulutsa kuwala kwamphamvu kolunjika malo amodzi, inali itapangidwa mu 1960. Chosowa chinali mtunda. Kuwala kunkazilala msanga zedi: pa mamita 20 okha, pa magawo 100 alionse kunkatsala gawo limodzi. Mita imodzi ya dokotala imakwana, koma lamya ya pakati pa mizinda iwiri ingatheke bwanji? Akatswiri ambiri anagwa mphwayi n'kuyamba kulimbana ndi mapaipi achitsulo onyamula mafunde a wailesi.

A Kao anafunsa funso lina: kodi chikudya kuwalaku ndi galasi lenilenilo, kapena zinthu zimene zalowerera m'galasimo? Madzi amatope saonetsa pansi, koma wolakwa si madzi. Iwo ndi mnzawo George Hockham anayeza magalasi osiyanasiyana, nawerengera payekhapayekha njira zonse zimene kuwala kumatayikira. Mu 1966 anasindikiza zotsatira zawo m'magazini ya Proceedings of the IEE: chowononga chachikulu ndi tizitsotso, makamaka ta chitsulo. Galasi litayeretsedwa bwino, kutayika kungatsike mpaka pansi pa ma decibel 20 pa kilomita.

Nambala imeneyi ndiyo mtima wa nkhani yonse. Ma decibel 10 alionse amatanthauza kuti kuwala kwachepa kakhumi. Choncho 20 ndi kuchepa kakhumi, kenako kakhumi kenanso, kutsala gawo limodzi pa 100, koma tsopano pa kilomita yathunthu, osati pa mamita 20. Magalasi a nthawiyo ankataya ma decibel pafupifupi 1,000 pa kilomita. Kuchoka pa 1,000 kufika pa 20 si kuchepetsa ka 50 monga maso angaonere, chifukwa sitepe iliyonse ya 10 ndi kuchulukitsa kakhumi kwina. Ndiye simungawadzudzule amene ankaseka.

Chimene ine ndimachilemekeza n'chakuti pepala litatuluka sanakhale pansi kudikira kutamandidwa. Anayenda m'mafakitale a galasi ndi malo a kafukufuku ku America ndi ku Japan, kunyengerera anthu kuti ayese. Anakonzanso chida choyezera galasi loyera kwambiri, ndipo pofika 1969 anasonyeza kuti galasi la silika (chinthu chimene chimapezeka mumchenga) limataya zochepa kuposa 20 ija. Chaka chotsatira, Robert Maurer, Donald Keck ndi Peter Schultz a ku kampani ya galasi ya Corning Glass Works ku America anapanga ulusi wotaya pafupifupi 17. Ulusi wa masiku ano umataya pafupifupi 0.2, ndiye kuti pa kilomita kuwala kumatsala magawo 95 pa 100. Mu 1988 chingwe cha TAT-8 chinayamba kugwira ntchito, choyamba cha mtunduwu kuwoloka nyanja ya Atlantic.

M'mayunivesite timakonda kuyeza wasayansi powerenga mapepala amene walemba ndi kangati anzake amutchula. Muyezo umenewu uli ndi ntchito yake, koma pa a Kao umaperewera. Ulusi woyamba wabwino sanaupange iwo. Anapereka chifukwa cha vuto, chinthu choyenera kugwiritsa ntchito, ndi mzere woti anzawo awoloke, ndipo makampani anaika ndalama chifukwa anadziwa chimene akufunafuna.

Mu 1970 anayambitsa dipatimenti ya electronics pa Chinese University of Hong Kong, ndipo anatsogolera yunivesiteyo kuchokera 1987 mpaka 1996. Mphoto ya Nobel inawapeza mu 2009, patatha zaka 43 pepala lija litatuluka. Theka linali lawo, theka lina la Willard Boyle ndi George Smith, amene anatulukira kachipangizo ka CCD kojambulira zithunzi m'makamera a digito. Apo n'kuti a Kao akudwala matenda oiwalitsa a Alzheimer, moti nkhani yawo ya Nobel ku Stockholm anawayankhulira ndi akazi awo, a Gwen. Mu 2010 banjali linakhazikitsa bungwe lothandiza odwala matendawa ndi owasamalira, ndipo a Kao anamwalira ku Hong Kong pa 23 September 2018.